Chaka Chimene Akangaude Anasamuka M'munda wa Bambo

Bambo anga amalima mbatatesi kumtunda kwa Ntcheu, mbali ya ku Tsangano, kumene mbuzi ikadula chingwe umakaitola ku Mozambique. Amalima kawiri pa chaka. Yoyamba ndi ya mvula, yachiwiri amabzala mvula ikamatsazika, ndipo imakula ndi chinyezi chotsalira m'nthaka komanso mame. Yachiwiriyi ndiyo amaikonda, koma ndiyonso imawaimitsa mutu, chifukwa nyengo imeneyo ndi ya chiwawu. Chiwawu chikalowa m'munda sichipempha mpando. Lero uona kadontho kakuda pa tsamba, mkuja mzere wonse wapsa, ndipo posakhalitsa munda ukununkha ngati kuseri kwa msika kumene amataya kabichi wowola.

Pamene ndinkakula, anzawo ambiri ankapopera mankhwala sabata ndi sabata, kugwe mame kusagwe. Bambo ankati kumeneko n'kulima kwa anthu osaona. Iwo ankalawirira m'mawa, n'kukaima m'malire a munda pamene panali kamzere ka udzu wosalimidwa, manja kumbuyo, maso pansi. Pa udzuwo, ndiponso pakati pa masamba a mbatatesi, pankakhala timaukonde ta akangaude toyalidwa chogona, tina kukula ngati chikhatho cha mwana, tina tochepera apo. Masana sitioneka. M'mawa mame akagwerapo timayera mbee. Bambo ankatitcha timphasa. Lamulo lawo linali lalifupi: dzuwa likakwera pamwamba pa mitengo ya bulugamu ya kum'mawa timphasa titauma, sipuleya yopopera ija ikhale pa msomali. Likakwera tikadali tolemera ndi madzi mpaka kulendewera pakati, ndipo zikachitika choncho m'mawa angapo motsatizana, ndiye kuti masamba nawonso akukhalitsa ndi madzi. Tsiku lomwelo ankasungunula mankhwala.

Ndili mtsikana ndinawafunsapo chifukwa chake sangoyang'ana buluku lawo, poti linkanyowa mpaka m'maondo. Anati udzu umanyowetsa aliyense, ngakhale tsiku loti kuuma msanga, koma timphasa sitinama. Lero ndine mphunzitsi wa sayansi ndipo njira imeneyi sindinaipezepo m'buku lililonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti chiwawu chimakonda tsamba lozizira lokhalitsa ndi madzi, ndiponso kuti munda wa bambo unkapsa mwa apo ndi apo pamene ya ena ikupsa chaka ndi chaka.

Ndikuti munda wa bambo, koma mundawo ndi wa amayi. Bambo ndi mkamwini. Anabwera m'mudzimo ndi njinga ndi khasu, ndipo amalume anga, mchimwene wawo wa amayi, sanalekepo kuwakumbutsa zimenezo akamwa pang'ono. Chimene chinawapatsa bambo dzina pakati pa eni mudzi ndi maso awo. Anthu ena, ngakhale omwe ankawaseka, ankasuzumira kumunda kwathu m'mawa. Akaona bambo abereka sipuleya, nawonso ankathamangira yawo. Bambo ankadziwa kuti akuonedwa, ndipo ankadutsa nayo dala njira yapakati pa mudzi ngakhale ya kuseri inali yachidule.

Chodabwitsa n'chakuti mwini timphasa bambo analibe naye ntchito. Sanawerame n'kamodzi komwe kuti aone amene amayala. Ine ndinadzamudziwa ku koleji ya aphunzitsi. Kumeneko tinkayamba ndi zosavuta: kangaude sali m'gulu la ntchentche ndi ziwala, chifukwa miyendo yake ndi isanu ndi itatu, thupi lake lili ndi zigawo ziwiri, ndipo alibe mapiko. Kenaka akangaudewo amagawidwa m'mabanja. Pali banja la odumpha aja amene amakuyang'ana ndi maso akuluakulu pakhoma, pali la oluka ukonde wozungulira wokhala ngati gudumu la njinga, pali la othamanga pansi osaluka kanthu. A timphasa ali ndi lawolawo, dzina lake Linyphiidae, ndipo dzinalo linachokera ku mawu akale otanthauza wowomba nsalu. Ndi limodzi mwa mabanja aakulu zedi. Mitundu yake ilipo masauzande, ndipo akatswiri akupezabe ina.

M'banjamo muli magulu awiri oonekera. Ena ndi okulirapo pang'ono, a miyendo yowonda, amene amayala mphasa zooneka bwino pa udzu ndi pa zitsamba. Ena ndi tinthu tating'onoting'ono ngati njere ya mawere, tokhala m'zinyalala ndi m'ming'alu ya dothi, ndipo amuna ake ena ali ndi mitu yotupa mwachilendo ngati aombedwa ndi chibonga. Kuti usiyanitse mtundu ndi mtundu pamafunika makina okulitsira zinthu, ndi kuleza mtima kumene ine ndilibe. Aliponso akangaude a banja lina amene nawo amayala ukonde chogona, koma iwo amathamanga pamwamba pake ndipo kumapeto amakhala ndi kamphako kothawiramo. A timphasa sakwera pamwamba. Amalendewera kunsi, msana kuloza pansi. Pamwamba pa mphasa amakoka timaulusi tosokonekera; kachirombo kouluka kakagunda pamenepo kamagwera pa mphasa, mwini wake n'kukaluma kuchokera kunsi, n'kukakokera kwa iye.

Tchuthi china ndinawatengera bambo nkhani imeneyi ngati munthu wobwera ndi shuga wa m'tauni. Tinali m'malire muja m'mawa. Ndinawapempha kuti agwade ayang'ane kunsi kwa kamphasa kamodzi. Anayamba akana, ati maondo a munthu wamkulu sagwadira kangaude, koma pambuyo pake anagwada. Kuona maso a nkhono n'kudekha; anasuzumira kunsiko nthawi ndithu, kenaka anaseka.

"Ndiye akudya chagada?"

"Eya, Ababa. Moyo wake wonse."

"Ulesi umenewu ngwa amalume ako."

Ndinawauza kuti amadya nsabwe za mbewu ndi tizirombo tina tating'ono, choncho ndi antchito awo osalipidwa. Zimenezo sizinawagwire mtima. Chimene chinawaimitsa ndi nkhani ya kuuluka. Ndinawafotokozera kuti akangaudewa, ana ngakhale akuluakulu, amakwera pansonga ya udzu, n'kutukula mimba m'mwamba, n'kutulutsa ulusi mpaka mphepo itaugwira ndi kuwanyamula. Ena amagwa pa mzere wotsatira, ena amapita kutali kwambiri, moti apezekapo atatera pa sitima zapamadzi pakati pa nyanja zazikulu. N'chifukwa chake munda ukangolimidwa kumene, iwo ndiwo amakhala oyamba kufika.

"Ndiye alibe kwawo, Aphunzitsi?" Akafuna kundinyogodola amanditchula choncho, ndi ulemu wonse.

"Kwawo ndi kumene mphepo yawatula."

"Akamwini anzanga," anatero, akusansa dothi m'maondo.

Ntchito inanditula ku Kasinje, kuchigwa. Kuchokera kwathu ndi boma limodzi lomweli, koma dziko lina. Kumeneko kumatentha, anthu amalima mpunga, ndipo m'mawa umayamba thukuta usanamwe tiyi. Pamwamba pa madzi a m'minda ya mpunga ndinkaona akangaude aatali owonda, a ukonde wozungulira, amene amadziwongola pa tsamba n'kuoneka ngati kachitsotso. Timphasa ndinkatifunafuna popita kusukulu, koma ndinkangotipeza patalipatali, m'mithunzi ya m'mbali mwa mtsinje, miyezi yozizira. Mwina tiliko tambiri koma mame amauma msanga tisanaoneke, sindingalumbire. Mabuku amati banja limeneli lili pafupifupi dziko lonse lapansi, koma limachuluka kumaiko ozizira a kumpoto, mpaka kumene kumagwa chisanu choundana, ndipo kuno ku Africa limakonda m'mapiri ndi malo okwera. Ana a sukulu ndikawajambulira kamphasa pa bolodi ankandiyang'ana ngati ndikupeka. Mmodzi anafunsa ngati kwathuko akangaude amagonanso pa bulangeti.

Ndi bambo tinkalankhulana pa foni Lamlungu akaweruka ku tchalitchi. Nkhani zake zinali zomwezomwezo: mvula, maliro, mbewu, ndi zimene amalume anena. Tsiku lina, mvula itayamba kutsazika, anandiuza ngati nkhani wamba kuti akangaude anga aja asamuka.

"Asamuka bwanji, Ababa?"

"Kulibe. Chaka chatha anali apo ndi apo. Chaka chino m'malire monse mbee, ngati anasesamo."

Anati ndi mankhwala a tizirombo amene anyamata a masiku ano amathira ngati akuthirira dimba. Ine ndinavomera. Zinali zomveka: mankhwala ophera nsabwe za mbewu amaphanso akangaude, ndipo kumtunda kuja anthu anali atayamba kupopera kwambiri chifukwa cha tomato ndi kabichi. Ndinawauzanso ana a sukulu ngati chitsanzo cha mmene mankhwala amaonongera zolengedwa, iwo n'kulemba. Nditawafunsa bambo kuti nanga tsopano akudziwa bwanji tsiku lopopera, anati amayi ako ali ndi bondo. Akuti bondo la amayi linali litayamba kuwawa nthawi iliyonse chinyezi chikachuluka, ndipo linali lisanalakwitsepo. Amayi akangoti, "Bondo ili lero," bambo ankatsitsa sipuleya pa msomali. Ndinaseka, n'kuwauza kuti apite nawo kuchipatala. Anati bondo lothandiza salipititsa kuchipatala.

Nkhani zina zinkabwera pang'onopang'ono, Lamlungu ili kamodzi, Lamlungu linalo kena. Anasiya kuwerenga mawu ku tchalitchi, akuti kupereka mpata kwa achinyamata. Njinga anaikoleka, akuti ili ndi vuto limene amakaniko a pamsika sakulimvetsa. Mauthenga a pa foni anati ndisamatumize chifukwa makampani achepetsa zilembo. Chilichonse chinali ndi chifukwa chake, ndipo zifukwa za bambo zimakhala zosoka bwino.

Tchuthi cha Pasaka ndinakwera minibasi yodzera ku Kandeu mpaka pa boma, kenaka ina, kenaka njinga yamoto yokwera phiri. Ndinafika madzulo. Bambo anandizindikira nditangoti odi, anafunsa za ulendo, anadandaula kuti ndaonda. Sindinaonde, chaka chimenecho mpunga unali utandikonda. M'mawa mwake anandidzutsa kuti tikaone mbatatesi, monga kale. Ankayenda patsogolo, mwachangu, osapunthwa. Njira imeneyo mapazi awo amaidziwa okha.

Titafika m'malire ndinaima. Udzu wonse unali woyera. Timphasa tinali paliponse, pa udzu, pakati pa mizere, pa chisoso, pa ziputu za chimanga cha chaka chatha, tina pamwamba pa tinzake, tonse tolemera ndi mame. Sindikumbuka kuti ndinationapo tambiri chotero. Bambo anaima pambali panga, manja kumbuyo, maso pansi, kamphasa kamodzi katatsala pang'ono kukhudza nsapato yawo.

"Mwaona, Aphunzitsi? Kulibe."

Ndinawayang'ana kumaso. Dzuwa linali litangotuluka ndipo linkawawomba cham'mbali. Pakati pa diso, paja pamayenera kukhala pakuda, panali potuwa ngati madzi otsukira mpunga. Maso onse awiri, lamanja kwambiri. Ndinachita mantha, ndipo chisoni chinabwera pambuyo pake. Ndinati, "Ndaona, Ababa." Tinayenda mzere umodzi mpaka kumapeto, iwo akugwiragwira masamba ndi zala n'kumandiuza kuti mbewu ya chaka chino ndi yabwino.

Amayi ndinawapeza m'kanyumba kosungira mbewu, akusankha mbatatesi yomera bwino. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza. Sindinazungulire.

"Amayi, akangaude aja alipo."

"Ndimawaona tsiku lililonse," anatero, osatukula mutu.

"Nanga bondo?"

"Bondo lili bwino. Ndi limene ndimapitira kuchitsime."

Anandifotokozera mopanda kukweza mawu. M'mawa uliwonse ankanyamula khasu ngati akukapalira kumunsi, n'kudzera m'malire, n'kuyang'ana timphasa dzuwa likakwera pa bulugamu. Lamulo analidziwa, zaka zonsezo ankalimva likunenedwa. Akaona kuti nthawi yakwana ankabwerera akutsimphina. Bambo ankabereka sipuleya n'kudutsa pakati pa mudzi, anthu n'kumathamangira zawo monga kale.

"Bwanji osangowauza?"

"Ndiwauze kuti chiyani? Ndikati akangaude alipo, ndiye kuti ndanena kuti iwo ndi akhungu. Pamudzi pano, pamaso pa amalume ako. Iwe ukuwadziwa bambo ako."

Ndinawauza kuti imeneyi ndi ng'ala, ndipo ng'ala amapala. Munthu amalowa m'mawa, mawa lake akuona. Amayi anati zimenezo akuzidziwa, anamva pa wailesi, ndipo anayesapo kuzitchula ngati nkhani ya munthu wina. Koma amalume anali atafika kale ndi yawo: akuti kuchipatala amachotsa diso lako n'kuikapo la mbuzi, ndipo akudziwa munthu wa ku Lizulu amene chibwerereni amangoyang'ana masamba a m'mitengo. Bambo sakhulupirira chilichonse chochokera pakamwa pa amalume, koma ichi chokha anachisunga.

Masiku otsala a tchuthicho ndinayesa. Ndinayamba ndi nkhani ya mphunzitsi mnzanga amene amayi ake anapalidwa ng'ala. Bambo anati Mulungu awathandize amayiwo. Ndinanena mosabisa kuti maso awo atuwa. Anati ndi utsi wa m'khitchini, ndipo anafunsa ngati boma tsopano likuphunzitsa aphunzitsi udokotala. Tsiku lonyamuka amayi anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinawauza kuti bondo lawolo ndilo likuchedwetsa zinthu. Njinga yamoto itaima anangoti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Zotsatirazi ndinazimva pa foni, zina kwa bambo, zina kwa amayi, ndipo sizigwirizana paliponse. Bondo linachira. Mwezi wa Meyi kunagwa mame ambiri ndi nkhungu ya m'mawa, koma amayi ankabwera kuchokera kumunsi akuyenda mowongoka. Bambo ankafunsa kuti bondo likuti bwanji, amayi n'kumati lili phee. Anthu a m'mudzi anadikira sipuleya ya bambo, kenaka mmodzimmodzi anayamba kupopera okha osaiona. Bambo anamva fungo la mankhwala kuchokera m'minda ya anzawo, ndipo anati anthuwo akungotaya. Akanatha kupopera nawo. Sanatero, chifukwa kumeneko kukanakhala kulima kwa anthu osaona.

Chiwawu anachidziwa ndi mphuno. M'mawa wina ataima m'malire anamva fungo lija. Analowa m'mizere n'kuyamba kugwira masamba, ndipo ankatsalira m'zala, oterera. Amayi akuti ali kumunsi anawaona bambo akuyenda mzere ndi mzere atawerama, mpaka dzuwa linafika pamutu. Anapopera tsiku lomwelo, koma chiwawu sachithamangitsa kumbuyo. Mbali ya kumtunda inapulumuka pang'ono. Yotsalayo anakumba timbatatesi ngati mazira a njiwa, tina towola kale. Chaka chimenecho mbewu yobzala anachita kukapempha kwa amalume, ndipo amalume anapereka ndi manja awiri kuti aliyense aone.

Ndinawafunsa amayi ngati anachita dala. Anati mbatatesi amabzalanso. Nditafunsanso anati foni ikutha moto.

Lamlungu lotsatira bambo analankhula za mvula, za maliro a kutsidya, za mtengo wa bulugamu umene unagwera pa khola. Ndinkaganiza kuti atsazika. Kenaka anakhosomola.

"Aphunzitsi. Za diso la mbuzi zija."

"Ndi bodza, Ababa. Diso limakhala lanu lomwelo. Amangochotsa kotuwako n'kuikamo kagalasi kakang'ono."

"Kagalasi."

"Eya."

"Amalume ako ndi munthu wabodza kuyambira kale," anatero, ngati ndine amene ndinkawateteza.

Ine ndi amayi tinapita nawo kuchipatala china cha mishoni kumene kunkabwera madokotala a maso. Pa benchi panali anthu okalamba ambiri, aliyense ndi womugwira dzanja. Bambo anakana kugwiridwa dzanja. Anagwira chikwama changa, akuti kuopa akuba. Anapala lamanja, n'kunena kuti linalo lidikire. M'mawa mwake namwino atachotsa bandeji, bambo anaphethira kangapo, anayang'ana zenera, anayang'ana ine, kenaka anayang'ana pa maondo awo. Buluku lawo la Lamlungu, lakuda, linali ndi chigamba chosokedwa ndi ulusi wofiira.

"Ndakhala ndikupita ku tchalitchi chonchi?"

"Wakuda unatha," anatero amayi.

Namwino anaseka mpaka anatuluka panja. Bambo sanaseke, koma m'minibasi pobwerera anawerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha m'mbali mwa msewu, cha sitolo, cha sukulu, cha malo ometera, mpaka kondakitala anawafunsa ngati akuphunzira kumene.

Anabwerera kumudzi m'chilimwe. Udzu wa m'malire unali utapsa ndi moto wa osaka mbewa, mame kunalibe, ndipo timphasa, ngati tinalipo, sitinkaoneka kwa aliyense. Pa foni anandiuza kuti tsopano akuona nyerere pansi, koma akangaude anga kulibe ndithu, monga ananenera. Sindinatsutse. Diso lachiwiri anakapalitsa mvula isanayambe, ndipo ulendo umenewo anapita okha pa njinga mpaka pamsewu, vuto la njinga lija litatha lokha. Anayambanso kuwerenga mawu ku tchalitchi. Achinyamata akuti anali atapatsidwa mpata wokwanira.

Pasaka wotsatira ndinakweranso phiri. M'mawa ndinamva akugogoda pa zenera.

"Aphunzitsi, tadzukani mudzaone."

Kunali kozizira, nkhungu ikadali m'zigwa. Tinayenda njira yomwe ija. Amayi ankabwera m'mbuyo mwathu ndi khasu paphewa. M'malire udzu unali utameranso, ndipo timphasa tinali pomwepo, toyera, osati tambiri ngati chaka chatha koma tokwanira. Bambo anagwada okha osapemphedwa, anapendeka mutu, n'kuyang'ana kunsi kwa kamodzi ndi diso lamanja, kenaka ndi lamanzere.

"Abwerera," anatero.

"Abwereradi."

"Si inu munkati amauluka ndi mphepo? Ndiye mphepo yawabweza. Mwina anali kwanu kumpunga kuja, kwawatenthera."

Ndinati n'kutheka. Anadzuka, anasansa maondo, anayang'ana kum'mawa. Dzuwa linali litakwera pamwamba pa bulugamu ndipo timphasa tinali tikadali tolemera ndi madzi. Anati mawa zikakhalanso chonchi asungunula mankhwala. Amayi anali atatipeza, ndipo ankadutsa kuti atsikire kumunsi. Bambo analankhula osawayang'ana, maso ali pa udzu.

"Bondo lija lipume tsopano, mayi. Lagwira ntchito zaka ziwiri."

Amayi anaima pang'ono. Anasamutsa khasu kuliika paphewa linalo, n'kupitiriza kutsika, akulambalala timphasa kuti asatiponde.